Matimati Anga ndi Nsalu za Bambo Mlatho

Iwe Yamikani, tasiya kaye. Ndati tasiya! Kodi ukumanga matimati kapena ukumanga mbuzi yolowa m'munda mwa eni? Taona mmene walifinyira tsindelo. Masula. Uyambe wakulunga kansaluko ku nsungwi, upingase, kenako uzungulitse ku tsinde, ndipo pakhale mpata woti chala chako chilowe. Tsinde limenelo likukulabe, mawa lidzafuna malo. Nawe Edina usaseke mnzako, zako ndaziona kale uko. Zimenezo mphepo ikangotsokomola zigwa zonse.

Tabwerani kuno nonse, mukhale pansi pa mpapayawu dzuwa lisanakuphikeni. Ana inu mumayesa kumanga matimati ndi chilango chimene ndinachita kukupangirani kuti muleke kaye kukanda mafoni anuwo. Simudziwa kuti ntchito imeneyi inadya njinga ya agogo anu a Laisoni asanaikwere n'komwe. Amayi anu akamaikamba nkhaniyi amadumpha zina, ndiye lero muimve kwa mwiniwakene.

Ife tikukula kunalibe zoti matimati amamangidwa. Tinali ndi phwetekere wathu uja, wamng'onomng'ono, wowawasa, womera yekha kudzala. Palibe ankamubzala, palibe ankamuthirira. Ankangoyanga pansi, nkhuku zijompheko, ife titoleko, tonse n'kukondwa. Ukaponya tiwiri titatu mu matemba a ku Chilwa, ndiwo zatheka. Inu lero mumafuna mafuta, mumafuna anyezi, kalongonda mumamuthawa ati amachedwa kupsa. Ifetu anatilera ndi kalongonda yemweyo, pamodzi ndi makaka, ndipo mano ndili nawobe awa.

Agogo anu anabwera pamudzi pano ngati mkamwini, kuchokera kunyanja, mbali ya Chilwa. Anali munthu wamtali, woonda, wosadziwa kuti pakamwa pamatsekedwa. Pondifunsira anandipeza ndikutsika kuphiri ndi mtolo wa nkhuni, n'kundiuza kuti, "Mukandilola, mutu wanuwu sudzasenzanso katundu. Ndidzagula njinga, yabelu." Ine kupusa kwanga ndinalola. Anabadwa Esinati, amayi anuwa, njinga kulibe. Anabadwa amalume anu, njinga kulibe. Iwo ankapita kunyanja kukapalasa mabwato a eni, n'kumabwerako ndi kathumba ka matemba ndi nkhani zodzaza nkhokwe. Ndikafunsa za njinga ankati, "Chaka chamawa, amake Esinati, nsomba zikachita bwino."

Kenako nyanja ija inauma. Inde, Chilwa yomweyi. Anthu ankayenda pansi pamene kale pankadutsa mabwato. Agogo anu anabwerera kumudzi manja lendee, n'kumangokhala pakhonde kulongosolera nkhuku za mmene dziko layipira.

Mwayi wawo, nthawi imeneyo n'kuti matipate atabwera, aliyense pakamwa patamasuka. Inu simungamvetse. Kale munthu ukafuna kudandaula za boma unkayamba wasuzumira kuseri kwa nyumba. Tsopano mwadzidzidzi panapezeka ntchito yoti munthu azingolankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anthu n'kumamuwombera m'manja. Ntchito imeneyo anachita kuwasokera agogo anu ngati suti.

Chisankho chikuyandikira kunatulukira bambo wina wofuna kupita ku Nyumba ya Malamulo. Dzina lake lenileni lisiyeni, ana ake alipo. Ife tinkangoti Bambo Mlatho. Mlatho wa pamtsinje wathuwu unali utapita ndi napolo kalekale, ndipo iye paliponse pamene waima ankalonjeza mlatho. Pamsonkhano mlatho, paukwati mlatho, ngakhale pamaliro ankati akapepesa anamfedwa n'kumalizira ndi mlatho. Atamva mawu a agogo anu, amene ankamveka tsidya lina popanda chimkuzamawu, anawaika kukhala mtsogoleri wa kampeni m'midzi yathu ino. Ndipo anawalonjeza pamaso pa anthu kuti, "A Laisoni, tsiku la msonkhano wa kwanu kuno ndidzabwera ndi njinga yanu."

Tsiku la lonjezolo agogo anu analowa m'nyumba akuyenda ngati njinga ailandira kale. "Amake Esinati, ndinakuuzani chiyani ine?"

Ndisakunamizeni, njinga imeneyo ndinkaifuna ndine kuposa iwo. Khosi langali linali litayamba kale kundivuta. Kusenza dengu kuchokera pano mpaka kumsika ku Migowi, kuwoloka mtsinje pansi, ndikabwerako ndinkalephera kutembenuka, munthu akandiitana kumbuyo ndimachita kuzungulira thupi lonse. Ndinkailota njinga imeneyo ngakhale ndili maso.

Tsono matimati. Chaka chomwecho mlongo wanga, amene ankagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Mulanje, anandibweretsera kapepala ka mbewu. Ndinafesa panazale, mvula ikupita kumapeto ndinawokera muno m'dimba momwe mwakhalamu, poti madzi otsika kuphiri sauma pansipa. Abale inu, anamera matimati! Anandifika m'chifuwa, masamba ali biriwiri, zipatso zake ngati chibakera cha munthu wamkulu. Ine ndinkayesa achita ngati phwetekere, azidzionera okha. Ndinangoona akuyamba kugwada mmodzimmodzi, zipatso kukhudza dothi, n'kumawola kunsi zisanapse. Mlongo wanga atabwera anagwira pakamwa. "Achemwali, awatu ndi achizungu, sagona pansi. Azikireni mitengo, muwamange."

Ndinayamba ndi mitengo ya nandolo youma, poti ndiyo inali pafupi. Chiswe chinandithokoza kwambiri. Sabata isanathe ndikangoikhudza inkathyoka yokha. Ndiye ndinakwera kuphiri ndi amayi otola nkhuni kukadula nsungwi. Tinkazibisa pakati pa mtolo kuopa alonda a nkhalango, koma nsungwi ndi yaitali ana inu, simabisika, inkachita kutulukira kutsogolo ndi kumbuyo. Mlonda wina anandiyang'ana, n'kuyang'ana mtolo, n'kunena kuti, "Mayi, nkhuni zanu zakula bwino chaka chino." Ndinati, "Ndi mvula, bambo," n'kudutsa.

Mitengo inapezeka, vuto linatsala chomangira. Luzi likauma limalimba n'kumadya tsinde. Chingwe cha khonje ndiye usanene, mphepo ikagwedeza chimacheka ngati lezala. Pankafunika chinthu chofewa. Inu mukuti bwanji osangotenga sanza. Sanza zake ziti? Masiku amenewo sanza inali chovala. Malaya akang'ambika ankasanduka a mwana, akang'ambikanso thewera, akachoka pamenepo palibe chotsala choti n'kumangira kanthu. Si inu lero, a kaunjika, batani likangothothoka mwataya malaya.

Ndili mkati mosowa pogwira choncho, kunyumba kuno kunafika mtolo wa nsalu. Nsalu za kampeni, zatsopano, zonunkhira kusitolo, iliyonse ili ndi nkhope ya Bambo Mlatho kutsogolo ndi kumbuyo. Chinkhope chozungulira, chikuseka, mano onse pamtunda, pakati pali kampata. Zinali zoti agogo anu agawire amayi ovina pa tsiku la msonkhano. Anandipatsako imodzi monga mayi wa kunyumba kwa mtsogoleri, zinazo n'kuzikankhira kunsi kwa bedi. "Izi, amake Esinati, ngakhale kuziyang'ana ayi." Atatero ananyamuka kupita kumidzi ya kunyanja kukamema anthu, ati akakhalako masiku angapo.

Atangochoka, mwera unabwera. Mukuidziwa mphepo ya kuno ikamatsika m'phirimu, yamawawa, yozizira mpaka m'mafupa. M'mawa ndikulowa m'dimba ndinapeza mzere wathunthu uli pansi, matsinde ena atathyoka pomwe panali khonje, matimati aawisi ali mbwee. Ndinakhala pansi n'kulira. Inde, ndinalira, Edina, usandiyang'ane choncho. Miyezi yonse ija ndikuthirira ndi ndowa, ndipo mphepo inali isanathe.

Ndikupukuta misozi ndinazindikira kuti ndikupukutira nsalu ya Bambo Mlatho. Ndinaigwiragwira. Yofewa. Yolimba. Ndinaluma m'mphepete ndi mano, n'kukoka, kwee! Ndinamanga tsinde limodzi. Mphepo inawomba, tsinde linangovina pang'ono n'kuimanso. Ndinati, eya, bambo uyu ntchito yake ndi imeneyi.

Nsalu yanga inathera pakati pa mzere. Ndinalowa m'nyumba, n'kugwada, n'kusuzumira kunsi kwa bedi. Ndinaganiza kuti amayi ovinawo nsalu ali nazo kwawo, sadzavina maliseche, koma matimati anga alibe wina. Ndinatenga imodzi yokha. Kenako inanso imodzi yokha. Paja tsinde lililonse limafuna kumangidwa pansi, pakati ndi pamwamba pamene pali matsango olemera. Pomafika tsiku lachiwiri madzulo mtolo uja unali utaphwa ngati mimba ya mu Febuluwale, koma m'dimba monse munalibe tsinde logwa.

Chimene sindinaganize n'chakuti ndinkang'amba zikuluzikulu kuti zisacheke. Nditaima kumpanda n'kuyang'ana ntchito yanga, dimba lonse linkandiyang'ananso. Apa diso. Apo khutu. Uko mphuno. Mano ndiye anali paliponse, akusekerera matimati anga, mphepo ikuwakupiza.

Woyamba kuona anali a Jailosi, oyandikana nafe aja, agogo ake a mnzanu Patuma. Iwo ndi agogo anu anali pachinzake cha bawo kuyambira kale, koma matipate atabwera analowa zipani zosiyana n'kusiya kupatsana moni. Anthu akuluakulu, a imvi, kumadutsana panjira ngati apongozi. A Jailosi anasuzumira pampanda, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pansi. Anapita kwawo, n'kubweranso kudzaseka kachiwiri. Anthu odutsa anawaona ali pampanda pamenepo, ndipo mukumbukire zimenezo.

Agogo anu anabwera litatsala tsiku limodzi kuti msonkhano uchitike, mawu atasasa, nkhope ikuwala. Anazungulira kuseri kukasamba m'manja. Ndinangomva zii. Munthu amene sankakhala chete ngakhale akudya nsomba yaminga.

"Amake Esinati."

"Wawa."

"Tabwerani kuno. Diso ili ndi la ndani?"

"Mukulidziwa."

"Nanga mano awa?"

"Ndi a mwini diso yemweyo."

Anathamangira kunsi kwa bedi, n'kutulukako atanyamula nsalu zotsala zochepa zija ngati anyamula mwana wodwala. Mawu anabwerera onse. Ati ndawapha, ndawavula pagulu, njinga ndaiponya m'mtsinje ndi manja anga. Masulani zonse msanga! Ndinati ndikamasula matimati agwa, ndipo nsalu yong'ambika sibwerera, ndiye titaya ziwiri. Anati ngati zili choncho iwo akubwerera kwawo kunyanja. Ndinati, "Pitani, mukapereke moni kwa achule ngati abwerera." Ndinawapindira ndi mphasa yomwe. Anaiyang'ana mphasa ija, n'kuibweza pamalo pake.

Tsiku lonselo analithera m'dimba, kutembenuza tinsalu kuti nkhope iyang'ane mkati. Akabisa diso kuno, kuseri kukutuluka khutu. Anayesa kuphimba ndi masamba a nthochi, mwera n'kuwachotsa. Potsiriza anadzitonthoza okha. "Bwana afikira kubwalo. Kuseri kwa nyumba yanga adzafunako chiyani?" Nsalu zotsalazo anagawira amayi oimirira kutsogolo, akumbuyo anawauza kuti zawo zili m'njira.

Koma Bambo Mlatho anaganiza zoti njinga akaipereke pakhomo penipeni, anthu aone mmene amakondera anthu ake. Tsiku la msonkhanolo, dzuwa lili pamutu, tinangomva galimoto ikulira, fumbi koboo, anthu akuthamangira m'mbuyo. Inaima apo pali mtengo wa mangopo. Kumbuyo kwake kunali amuna amphamvuamphamvu, ndipo pakati pawo, itamangidwa ndi chingwe, njinga. Yakuda, yonyezimira, chishalo chikadali m'pulasitiki, kaliyala yake yotakata yoti dengu likhalepo bwinobwino. Ndinaiona ine, khosi langa linachita kupola lokha.

Tinawayalira mkeka, Bambo Mlatho tinamupatsa mpando. Ine pofuna kuoneka mayi waulemu ndinatulutsa thobwa. Kulakwitsa kwake kunali pamenepo, thobwa langa linkakoma. Anamwa chikho choyamba, n'kuyamikira. Chachiwiri, n'kulonjeza mlatho. Chachitatu chitatha anayamba kusinthasintha makhalidwe pampando, kenako anaweramira kwa agogo anu n'kunong'ona. Ndinaona nkhope ya agogo anu ikuchita phulusa. Chimbudzi chathu nthawi imeneyo chinali uko, kuseri kwa dimba, ndipo njira yake inali yomweyi mwakhalamoyi.

"Bwana, kuli china chabwino kusukulu," anatero agogo anu.

"N'kutali, a Laisoni."

Anadzuka, n'kuzungulira nyumba. Tonse tinatchera khutu, kumvetsera mapazi. Anayenda, anayenda, n'kuima. Patapita kanthawi anatulukira, kuchimbudzi osafikako, ali ndi kansalu m'manja. Anakatambasula pamaso pa anthu. Anali mano ake omwe, ndi kampata kaja.

Wina kumbuyo anaphulika kuseka n'kusandutsa chifuwa. Koma ndikuuzeni ana inu, kuseka kunathera pomwepo. Panali bambo wina wa magalasi akuda amene ankayenda ndi Bambo Mlatho paliponse. Anapita kukaona m'dimba, n'kubwerako akukuwa kuti iyi ndi ntchito ya otsutsa, afuna kunyoza bwana. Wina m'gulu anati, "A Jailosi tinawaona pampanda pomwepa, akuseka." Amuna aja anayamba kudumpha m'galimoto, akupinda malaya. Masiku amenewo zinthu zoterezi sizinali zocheza, nkhokwe ya munthu inkatha kupsa masana dzuwa likuswa mtengo.

Bambo Mlatho anakweza dzanja. "A Laisoni, inu munali kunyanja, ndikudziwa. Tangonenani kuti ndi Jailosi, njinga itsike, zinazo anyamata akonza."

Ine ndinati, "Si a Jailosi. A Jailosi anangoseka."

Wa magalasi uja ananditembenukira. "Ndiye kuti ndi mayi awa. Chabwino, n'zosavuta. Abwere kubwalo, akagwade kutsogolo kwa anthu onse, apepese bwana pachimkuzamawu. Nkhani ithe, njinga itsike."

Mukuganiza kuti ndinakwiya? Ayi ndithu. Ndinayang'ana njinga ija, ndinayang'ana kaliyala, n'kuyamba kukonza nsalu m'chiuno. Kugwada n'chiyani? Ndinanong'oneza agogo anu kuti, "Musiyeni, ndikagwada. Bola njinga." Iwo anandigwira pamkono apa, mwamphamvu, mpaka ndinamva kuwawa.

"Simugwada."

Kenako anaimirira. Ndinati basi, tikhala pano mpaka dzuwa kulowa, ayamba kuyambira pa napolo. Munthu amene ankatha kulankhula pamaliro mpaka oikidwa m'manda kutopa. Anavula chipewa, n'kunena kuti:

"Bwana, ndang'amba ndine. Ndisanapite kunyanja. Matimati amagwa."

Basi. Mawu ake anali omwewo.

Aliyense pamenepo ankadziwa kuti ndi bodza. Agogo anu sankadziwa ngakhale kumanga mfundo ya thumba la mchere. Bambo Mlatho anawayang'ana nthawi yaitali, kuwapatsa mpata woti asinthe. Iwo anangoima, chipewa m'manja, akuyang'ana kuphiri. Wa magalasi anayamba kunena zoti ndiye agwade iwowo, koma Bambo Mlatho anali ndi vuto lina lomufulumiza, thobwa lija linali lisanaiwale. Anaponya kansalu pansi, n'kukwera galimoto. Inatembenuka, n'kumapita. Msewu wathu mukuudziwa mabampu ake. Galimoto ikagunda bampu, belu la njinga lija linkalira lokha, ngrii, ngrii, mpaka kukazimiririka kumtsinje.

Anthu atabalalika ndinawatembenukira. Ndinakalipa, ana inu, ndinakalipa zoti nkhuku zinathawira kwa a Jailosi. "Mwataya njinga chifukwa cha mawondo anga? Mawondo amenewa amagwada tsiku lililonse m'dimbamu, amagwada pamtondo, amagwada kutchalitchi! Akanatha lero? Zaka zonsezi njinga, njinga, yafika pakhomo mwaibweza!"

Iwo anakhala pakhonde n'kundisiya ndithe mpweya. Kenako anati, "Kumeneko mumagwada mwafuna nokha. Zoti amayi a ana anga akagwadire munthu pachimkuzamawu, ine n'kumakwera njinga yake, ayi. Ikanandiwotcha."

"Nanga dengu? Nanga khosi langali?"

"Ndinalonjeza kuti mutu wanu sudzasenza. Njinga yapita, koma ine ndilipo."

Ndinayesa ndi zolankhula zawo zija. Matimati anapsa, dimba lonse psuu, osawola ngakhale limodzi. Tsiku la msika ndinadzaza dengu lalikulu, n'kulowa m'nyumba kukatenga mpango. Potuluka ndinapeza agogo anu atatenga nsalu ina imene ndinaing'amba theka, yotsala chipumi ndi maso, akuipota kupanga nkhata. Anaiika pamutu, n'kugwada pafupi ndi dengu. "Tanditwikani."

Mwamuna, mtsogoleri wa kampeni dzana lomweli, kusenza dengu la matimati ngati mtsikana wopita kuchigayo! Anayenda khosi lili gwa, manja onse awiri kudengu, maso a Bambo Mlatho akusuzumira pansi pa dengu pamwamba pa maso awo. Amuna a pagolosale anatuluka kudzaonerera. "A Laisoni, njinga ija ndi imeneyi? Talizani belu!" Iwo ankangoyankha kuti, "Ngrii, ngrii, patukani," n'kumapita. Pamtsinje anapinda buluku, n'kuwoloka pamalo pomwe pankayenera kukhala mlatho. Anaterereka kamodzi, matimati angapo n'kupita ndi madzi, ine kumbuyo ndikukuwa. Koma ndinkayenda manja ali m'mbali, mutu uli wopepuka, kwa nthawi yoyamba chikwatiwire. Ndinkachita manyazi, ndinkaseka, ndiponso misozi inkatuluka, zonse pamodzi. Tsiku limenelo ndi limene ndinawakonda agogo anu zenizeni, ana atakula kale.

Anasenza chaka chimenecho, anasenza chotsatira, mpaka anazolowera kuyenda osagwira, akulankhula ndi manja onse awiri dengu lili phee. Za kampeni anazisiya. A Jailosi atamva zimene zinachitika anabwera madzulo ena atapanira bawo m'khwapa, n'kuliika pakhonde. Anayambiranso kuberana nkhomo za bawo ngati kale. Ine kupepesa sindinapepese kwa wina aliyense, ndipo mwera utabweranso ndikanang'ambanso. Za Bambo Mlatho musandifunse. Inu mukudziwa kuti amayi anu anakwatiwa tikuwolokabe pansi.

Njinga inadzabwera ndithu, amalume anu atayamba ntchito ku Limbe. Koma n'kuti agogo anu mawondo atayamba kukana, ndipo zinadziwika kuti munthuyo kupalasa njinga sankadziwa n'komwe. Zaka zonse zija kulonjeza chinthu chosadziwa kukwera! Ankangoikankha ndi manja, dengu pakaliyala, akuliza belu ngakhale mumsewu mulibe munthu. Yamikani, iwe unakwerapo pachishalo chake uli kamwana, iwo akukankha, ukulira kuti athamange.

Atatisiya chaka chathachi, mukukumbuka tsiku logawa zovala zawo. Abale awo a kunyanja anatenga jekete, wina nsapato, wina chipewa chija. Atandifunsa ine ndinati ndipatseni malaya a buluu aja, otha m'khosi, amene ankavala popita kumsika. Azilamu anga anadabwa, ati mayi mutani nawo osatenga chabwinoko. Ine ndinangowapinda malayawo. Ndinawasunga mpaka matimati a chaka chino atayamba kulemera.

Tatembenuza kansalu kali m'manja mwakoko, Yamikani. Ukuona kabowo ka batani? Eya. Ndiwo amenewo. Nonsenu mwakhala mukumangira amenewo chiyambire m'mawa.

Iyayi, Edina, usalire, ungandiyambitse ine. Dzukani, dzuwa lapendeka ndipo kwatsala mizere iwiri. Mumange monga ndakuuzirani, chala chizilowa. Agogo anu sankafuna zothina pakhosi.